Mbiri ya Nkhuni m'Mapiri a Chezi, Kuyambira pa Nkhwangwa Kufikira pa Sowo ya Injini

Munthu wochoka ku Lilongwe kulinga ku Salima, akatha chigwa cha minda ya chimanga ndi fodya nayamba kukhotakhota m'mapiri a Dowa, asanatsetsereke kunka kunyanja, amafika pa Chezi, m'dziko la Inkosi Chiwere, pamene amayi amayala tomato, kabichi ndi nthochi m'mphepete mwa msewu. Ndipo akakweza maso kumbuyo kwa msikawo amaona zitunda zimene zambiri lero zilibe mthunzi, koma zimene makolo athu adazipeza zitavala mitengo kuyambira patsinde kufikira pansonga. Mapiri amenewa, amene atambalala chakumpoto kudzera ku Kongwe mpaka ku phiri la Ntchisi, ali ndi mbiri ya nkhondo, ya mishoni ndi ya fodya, ndipo ena adailemba kale. Koma pansi pa zonsezo pagona mbiri ina imene sikumbukika kawirikawiri, ndiyo ya nkhuni, ngakhale kuti palibe nsima idapsa, palibe mowa udawira, palibe maliro adagonedwa m'dziko lino popanda chikuni pamoto.

Akuluakulu a Chichewa posimba za chiyambi amati ku Kaphirintiwa, kumapiri a Dzalanyama, Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere, kufikira tsiku limene munthu, popeka timitengo tiwiri, adatulukira moto, umene udagwira udzu nuwononga tchire lonse, kotero kuti nyama zidathawa ndi mkwiyo, ndipo Chauta adakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Nthano imeneyi ndi yakale kwambiri kuposa buku lililonse la m'dziko muno, ndipo imasonyeza kuti makolo athu sadaone moto ngati chinthu cha chabe, popeza adazindikira kuti chimene chimaphika chakudya cha munthu ndi chomwecho chimene chimamulekanitsa ndi zolengedwa zinzake.

Pamene Amaravi adachoka ku Uluwa, kudziko la Katanga, natsika pang'onopang'ono motsogozedwa ndi Kalonga, a mfunda wa Phiri atapeza a Banda ali kale m'dziko, adali odziwa luso limene lidasintha nkhalango kwambiri, ndilo losungunula chitsulo m'ng'anjo. Zaka zake zenizeni tizisiye. Chodziwika n'chakuti m'zigwa ndi m'zitunda za pakati pa dziko lino osula ankawotcha makala a mitengo yolimba, nathira miyala ya chitsulo m'ng'anjo zadothi, ndipo pachipala, mvukuto ukupuma, ankasula makasu, mikondo, nsompho ndi nkhwangwa. Nkhwangwa ya Mchewa idali yaing'ono, ya mutu wopyapyala wolowa m'chibowo cha mpini wa mfundo, yopepuka paphewa; ndipo mwamuna aliyense pochoka pakhomo ankaikoleka paphewapo monga chizindikiro cha umuna wake. Chitsulo chinali chosowa ndi chamtengo wapatali, kotero kuti wobwereka nkhwangwa ya mnzake naiguluza kuthengo ankamva chisoni chonga cha mwana wa aneneri uja wa m'masiku a Elisa, amene nkhwangwa yobwereka idamugwera m'madzi a Yordano.

Pa nthawi imeneyo ntchito ya nkhuni idali yogawidwa bwino. Kutema mtengo wauwisi, kaya wa mzati wa nyumba, kaya wa nkhokwe, kaya potsegula mphanje, kudali kwa amuna, ndipo mkamwini ankadziwika kwa apongozi ake ndi kulira kwa nkhwangwa yake m'mamawa; koma nkhuni za pamafuwa zidali za amayi, amene ankapita m'magulu nthawi ya chilimwe kukathyola nthambi zouma za tsamba, mombo ndi mchenga, namanga mitolo ndi luzi, nasenza pankhata, naunjika kuseri kwa nyumba kuti dzinja lisawapeze opanda kanthu. Mtengo wa zipatso, monga msuku, mpoza kapena mkuyu, sunkagwetsedwa wamba. Mitengo ya kumanda ndi ya kudambwe, ndiponso ya pamalo othirira nsembe, idali yoopsa kuikhudza, ndipo mayi wotola nkhuni kumanda akadakhala ndi mlandu kwa mfumu ndi kwa mizimu yomwe.

Koma pambali pa miyambo imeneyi padali mlonda wina wa nkhalango amene sadaikidwe ndi mfumu iliyonse, ndiye kutopa kwa mkono. Muwanga waukulu, umene mtima wake ndi wouma ngati fupa, unkabunthitsa nkhwangwa usanapendekeke n'komwe; mbawa ya m'mbali mwa mtsinje inkafuna amuna angapo ndi masiku angapo; ndipo chifukwa cha ichi munthu ankayang'ana mtengo kawiri asanaukhape, nadzifunsa ngati thukuta lake lidzalipidwa. Mitengo ikuluikulu, imene imabala mbewu ndi kugwira nthaka ya m'matsitso, idapulumuka mibadwo yambiri, osati chifukwa choti anthu akale adali oyera mtima kuposa ife, koma chifukwa choti chida chawo chinali chochedwa. Mfundo imeneyi tiisunge, pakuti mbiri yonse yotsatira ndi ya kufooka kwa mlonda ameneyu.

Angoni atawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, nayendayenda kumpoto kwa zaka zambiri, gulu lina lidapatuka ndi nduna yotchedwa Chiwere Ndlovu, ndipo cha m'zaka za m'ma 1870 lidakhazikika m'mapiri ano. Masiku amenewo adali a mantha, pakuti kunyanja nakonso Jumbe wa ku Nkhotakota ankagula akapolo. Achewa ena adagonja nakhala pansi pa Angoni, ena adamanga malinga, ndipo ena adathawira pamwamba pa mapiri, m'nkhalango yowirira ya pa phiri la Ntchisi, imene idawabisa kwa adani awo. Anthu ataunjikana pamalo amodzi chifukwa cha nkhondo, mitengo yozungulira midzi ikuluikulu idatha msanga, pamene madera opanda anthu, amene aliyense ankaopa kupitako, adawirira koposa kale. Akulu a ku Ntchisi amakumbukira kuti nkhalango ya paphiripo idapulumutsa makolo awo, ndipo sichachabe kuti kufikira lero ndi imodzi mwa nkhalango zochepa za mitengo yosayoyola masamba zotsala m'chigawo chapakati.

Mu November 1889 abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, A. C. Murray ndi T. C. B. Vlok, adamanga hema wawo pa Mvera, pafupi ndi Chezi, mwa chilolezo cha Chiwere, ndipo mu 1894 mishoni ina idatsegulidwa ku Kongwe. Pamodzi ndi Uthenga ndi sukulu adabweretsa zinthu ziwiri zimene nkhalango inali isanazionepo: njerwa zootcha, zimene uvuni wake umameza zikuni zazikulu usiku ndi usana, ndi macheka a anthu awiri, wina ali pamwamba pa thandala, wina m'dzenje utuchi ukumugwera kumaso, ocheka mbawa ndi mlombwa kukhala matabwa a zitseko, mabenchi ndi mabokosi a maliro. Kunyanja sitima za nthunzi zoima pa Domira Bay zinkayenda ndi moto wa nkhuni, ndipo apa ndi pamene anthu a kuno adayamba kuona kuti mtengo wogwetsedwa ungasanduke nsalu, mchere, kapena ndalama ya msonkho, umene boma la Angerezi lidaika litatenga dziko mu 1891. Alendo omwewa adadzanso ndi mtengo wa ku Australia, bulugama, umene pa nthawiyo udaoneka ngati chokongoletsa pamishoni ndi paboma.

Chimene chidadya mapiri a Dowa koposa zonsezi chidali fodya. Mu 1920 A. F. Barron adayamba kulima fodya ku Mbabzi, kufupi ndi Lilongwe, nagawira mbewu anthu a m'midzi kuti azilima m'minda yawo ndi kumugulitsa. Ndipo pasanathe zaka zambiri alimi zikwizikwi a m'maboma a Lilongwe ndi Dowa adali atalowa m'ntchito imeneyi, kotero kuti mu 1926 boma lidakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira. Fodya wake adali wa chikopa, wofuna kufukizidwa ndi utsi m'chigafa kwa masiku ambiri, moto wa zikuni ukunyeka pansi osazima. Ndipo mlimi amene kale ankatema mitengo mwa apo ndi apo adayamba kutema yambiri, pakuti msonkho, malaya, njinga ndi fizi ya mwana zonse zidali m'tsamba limenelo. Walira mvula walira matope: ndalama ya fodya idamanga nyumba za malata ndi kuphunzitsa ana a m'Dowa, koma idalipidwa ndi tsamba ndi mombo wa m'zitunda.

Atsamunda ataona zimenezi adayamba kudula malire. Nkhalango ya Ntchisi idalengezedwa kukhala yotetezedwa ndi boma mu 1924, ya Thuma, kummwera kwa msewu wa ku Salima, mu 1926, ndipo m'chaka chomwecho mkulu wa za nkhalango, J. B. Clements, adayambitsa dongosolo loti mudzi uliwonse upatule nkhalango yakeyake pansi pa nyakwawa. Dongosolo lachiwirili lidali lanzeru, chifukwa lidamangidwa pa ulamuliro umene anthu ankaudziwa kale. Koma loyamba lija lidabala chinthu chowawa chimene chikadalipo, pakuti mtengo umene dzulo udali wa mizimu ndi wa mudzi udasanduka wa boma, ndipo munthu sachita manyazi kubera mwini amene samuona. Mayi wopezeka ndi mtolo m'kati mwa malire ankalandidwa nkhwangwa ndi alonda, ndipo mkwiyo wa zotere udaphatikana ndi wa malamulo a malimidwe m'zaka za m'ma 1950, pamene anthu adayamba kulirira ufulu.

M'chaka chomwecho cha 1926, kutali ku Stuttgart, m'dziko la Germany, mmisiri wotchedwa Andreas Stihl adapanga sowo yoyendera magetsi, ya unyolo wa mano wozungulira pa chitsulo chophwatalala, ndipo mu 1929 adatulutsa yoyendera petulo. Mnzake Emil Lerp, wa kampani ya Dolmar, adali atatulutsa yake ya petulo mu 1927. Makina oyambawo adali olemera, ofuna anthu awiri. Ku America, Joseph Cox, atapenyetsetsa mmene mphutsi ya kachilombo kofumbula mitengo imadyera chitsa, adapanga unyolo wa mano opindika umene udayamba kugulitsidwa cha mu 1947, ndipo maonekedwe a mano amenewo ndiwo akugwirabe ntchito lero. Pofika 1959, pamene Stihl adatulutsa sowo yotchedwa Contra ndipo kampani ya Husqvarna ya ku Sweden idatulutsa yake yoyamba, munthu mmodzi ankatha kunyamula makina ogwetsa pa ola limodzi mitengo imene amuna a nkhwangwa akadatha nayo tsiku lathunthu. Anthu a pa Chezi sadamve kanthu za izi, ndipo padapita zaka makumi angapo phokoso lake lisanamveke m'makwalala mwawo.

Ufulu utabwera mu 1964, ndipo likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, mzinda waukulu udamera pafupi ndi mapiri ano, wofuna njerwa, matabwa, nkhuni ndi makala, ndipo msewu wa ku Salima udasanduka ngalande yotsitsira mitengo kutauni. Minda ikuluikulu ya fodya idachuluka m'chigawo chapakati, ina yootcha fodya m'mabani a mapaipi, imene inkagula nkhuni pa mendulo. Dr. Banda adakhazikitsa tsiku lobzala mitengo mu 1976, la pa 21 January, ndipo ana a sukulu a nthawi imeneyo adabzala bulugama, malaina ndi keshya amene ambiri a ife tidakhala pamthunzi wake; boma lidatsegulanso minda ya mitengo ya nkhuni ndi thandizo la World Bank kuyambira 1980. Koma anthu ankachuluka msanga kuposa mbande: dziko limene lidali ndi anthu pafupifupi mamiliyoni 4 pa kalembera wa 1966 lidapezeka ndi oposa mamiliyoni 17 mu 2018, boma la Dowa lokha lili ndi oposa 770,000, ndipo mabanja oposa atatu mwa anayi alionse akuphikirabe nkhuni.

Zaka za m'ma 1990 zidathamangitsa zonse. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale kuyambira 1990, aliyense adafuna mapolo ndi mphanda za chigafa, zimene chiswe chimadya pa zaka ziwiri kapena zitatu. Ulamuliro wa zipani zambiri utadza mu 1994, ena adamva ufulu ngati chilolezo cholowa m'nkhalango ya boma masana. Ndipo m'chaka chomwecho ndende yakale ya Dzaleka, pafupi ndi boma la Dowa, idasanduka msasa wa othawa nkhondo, umene lero muli anthu oposa 50,000, onse ofuna kuphika. Lamulo latsopano la za nkhalango la 1997 lidayesa kubwezera mphamvu kumidzi kudzera m'makomiti oyang'anira zachilengedwe, koma njala ya 2002 idaphunzitsa mabanja ambiri kuti thumba la makala kapena mtolo wa nkhuni pamsewu ndiwo ufa wa madzulo amenewo, ndipo wanjala sitingamuweruze ndi mtima wouma ife amene tidagona titakhuta.

M'nthaka yotere ndi mmene sowo ya injini, imene ambiri amangoti chainsaw, idamera mizu. Poyamba idali ya a zankhalango, ya m'minda ikuluikulu, ndi ya ocheka matabwa a paini ku Chikangawa. Koma pang'onopang'ono idatsikira m'manja mwa anthu wamba, ina itabwera m'katundu wa anyamata ochokera ku Joni, ina itagulidwa ndi mlimi amene fodya wake adayenda bwino ku Kanengo, ina itagulitsidwa ndi wocheka matabwa amene ntchito idamuthera pamene paini wa ku Viphya adachepa. Yatsopano yeniyeni ya Stihl kapena Husqvarna mtengo wake ndi wosafikirika kwa munthu wa kumudzi. Zotchipa zodzaza m'masitolo a m'tauni, zambiri zopakidwa utoto wofanana ndi zenizenizo, zimatha kufa nyengo imodzi isanathe. Choncho munthu wanzeru amafunafuna yakale, yopangidwira antchito a m'nkhalango, imene idatumikira kale eni ake awiri kapena atatu.

Mwa zakalezi yotchuka koposa m'maiko otentha ndi Stihl 070, imene idayamba kupangidwa mu 1968, ya injini ya 106 cc, yolemera pafupifupi makilogalamu 15 isanamangidwe chitsulo ndi unyolo. Ilinso Husqvarna 61 ndi 272, zopepukirapo kwambiri, ndi Stihl 038 pamodzi ndi mdzukulu wake MS 381. Chimene amazikondera n'chakuti thupi lake ndi lachitsulo, injini yake ndi yosavuta kumvetsa, ndipo makaniko wa njinga zamoto pa Chezi, pa Mvera kapena pa Mponela angathe kuimasula ndi sipanala ndi sikuludiraiva, naibwezeretsa tsiku lomwelo. Sowo ya 070 ili ngati ng'ombe yokalamba ya pangolo, yosathamanga koma yosabwerera m'mbuyo pa chitunda. Komabe kwa munthu wofuna nkhuni zokha ndi yolemera mopitirira, imamwa petulo wambiri, ndipo idapangidwira kugwetsa mitengo ikuluikulu. Wodula bulugama wa m'munda mwake angachite bwino ndi ya pakati pa 60 ndi 72 cc, imene saweruka nayo msana utathyoka.

Pogula, safunsa adadya phula. Odziwa amakana sowo imene mwini wake waitenthetsa kale, pakuti injini yotha imalira bwino ikatentha. Amafuna kuiliza iwo eni ili yozizira. Amainyamula ndi chingwe cholizira chokha: ikatsika msanga ngati palibe choigwira, mphamvu ya m'kati idatha, ikatsika modukizadukiza, pisitoni ikadali ndi moyo. Amamasula chotulutsira utsi nasuzumira m'kati, ndipo akaona mizere yokandika pa pisitoni amadziwa kuti idayendapo ndi petulo wopanda oyilo wokwanira. Amailozetsa pa chitsa choyera ili kulira kuti aone ngati ikuwaza oyilo wa unyolo. Amayang'ana ngati unyolo ukuima injini ikamalira pang'onopang'ono. Amapapasa ming'alu pa thanki ndi pa zogwirira. Ndipo asanatulutse ndalama amafunsa kumene zipangizo zake zimapezeka, chifukwa sowo yabwino yopanda pulagi, sefa ndi unyolo wolingana nayo ndi katundu wongosunga pansi pa bedi. Pa 070 pali chenjezo lina, loti zotsanzira zake n'zambiri, ndipo ina imakhala yeniyeni kunja kokha, m'kati mwadzaza zipangizo zotchipa.

Injini zimenezi zilibe mosungira oyilo mwake monga galimoto, ndipo moyo wake wonse uli m'kusakaniza: mamililita 100 a oyilo wabwino wa 2T pa malita 5 a petulo, kapena mamililita 200 ngati oyiloyo ndi wamba ndipo makinawo ndi akale. Amene amachepetsa oyilo pofuna kupulumutsa ndalama amaphika pisitoni yake yekha. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe, chiyambire fakitale ya ku Dwangwa mu 1982, ndipo akakhalitsa m'thanki amakoka chinyezi ndi kuumitsa timapaipi ndi timphira ta mu kabuleta, zimene pa sowo zakale sizidapangidwire mafuta otere. N'chifukwa chake wodziwa amakhuthula thanki akamaisunga nthawi ya dzinja. M'zaka za kusowa kwa mafuta, monga 2011 ndi 2012, ndiponso kuyambira 2022, ambiri adagula petulo wa m'zigubu wosadziwika chimene adathiramo, ndipo masowo ambiri adafera pomwepo. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, unyolo ndi pisitoni zidakwera kotero kuti sowo ziwiri zakufa zimaphwasulidwa kuti imodzi ikhale ndi moyo.

Unyolo umafuna kunoledwa ndi tupa wozungulira kangapo pa tsiku, dzino lililonse mofanana ndi linzake, ndipo chizindikiro chake chili pa utuchi: wakuthwa umatulutsa tizipalapala, wobuntha umatulutsa fumbi. Pogwetsa, mmisiri amayamba wasema kamwa kumbali imene mtengo ugwere, kenaka nkucheka kumbuyo mokwererapo pang'ono, nasiya kachigawo kosaduka kamene kamawongolera mtengowo pogwa. Ndipo m'matsitso a kuno amaima kumtunda kwa chipika, osati kumunsi. Apa ndiyenera kunena mosabisa chimene chimandiwawa mtima. Chomangira unyolo pa ngozi chidayamba kuikidwa pa masowo m'zaka zoyambirira za m'ma 1970, ndipo 070 zakale zilibe. Nsonga ya chitsulo ikagunda nthambi, makinawo amadumphira kumaso kwa mwini wake mofulumira kuposa kuphethira. Komabe anyamata athu amagwira ntchito imeneyi atavala patapata ndi kabudula, opanda chotseka m'makutu pa phokoso logonthetsa, manja akunjenjemera mpaka zala kuchita dzanzi, chipatala chili kutali ndipo njira yake ndi ya njinga. Amene ali ndi ndalama yogulira sowo ali nayonso ya jombo, magalasi ndi chisoti cha mnyamata amene wamulemba ganyu, ndipo akapanda kugula, magazi a mwana wa mwini adzafunsidwa pa dzanja lake.

Mwini sowo kawirikawiri sagwira yekha. Amaibwereketsa pamodzi ndi mnyamata wake kwa wofuna kuotcha njerwa, kwa sukulu yogonera, kwa mayi wophika mowa, kapena kwa mlimi wa fodya, ndipo malipiro amawerengedwa pa mtengo umodzi kapena pa thanki ya petulo. Zipika zikadulidwa, ngolo ya ng'ombe imazitutira kumsewu. Nkhwangwa sidathe ntchito, pakuti sowo imadula mopingasa koma siwaza, ndipo amisiri a m'misika akusulabe nkhwangwa ndi zitsulo za masipuling'i a galimoto zakufa. Pa maliro, pamene kale anyamata a mudzi wonse ankatha m'mawa wathunthu akulimbana ndi chikuni cha pasiwa, tsopano mwini sowo amabwera nadula zokwanira masiku onse madzi a tiyi asanawire, ndipo chimenechi ndi chithandizo chenicheni chimene palibe wofedwa angachinyoze.

Koma mlonda uja wakale, kutopa kwa mkono, wafa, ndipo palibe amene waikidwa m'malo mwake. Muwanga umene udagonjetsa nkhwangwa za mibadwo isanu umagwa pa mphindi zochepa. Mkuyu wa pakasupe, umene mizu yake inkasunga madzi a mudzi m'mwezi wa October, umasanduka zipika masana amodzi. Ndipo mitengo yachilengedwe itachepa, sowo yatembenukira kwa mango amene agogo adabzala pabwalo, kotero kuti mwana wa lero amagula pamsika chipatso chimene atate ake ankatola pansi. Ngakhale chilamulo cha Mose chidaletsa ankhondo ozinga mudzi kugwetsa mitengo ya zipatso ya adani awo. Ife tikugwetsa yathu yomwe pa mtendere. Kale wakuba mitengo m'nkhalango ankagwidwa chifukwa nkhwangwa inkalira nthawi yaitali. Tsopano phokoso ndi lalikulu, koma alonda akamafika amapeza zitsa ndi utuchi. Boma lidatumiza asilikali ku Dzalanyama mu 2015 ndipo lidakhwimitsa zilango m'lamulo lokonzedwanso la 2020, koma alonda a boma sangaime pa chitunda chilichonse cha pakati pa Mvera ndi Ntchisi, ndipo mphamvu yoti uwu udulidwe, uwu usiyidwe, yabwerera kumene idali poyamba, kwa nyakwawa ndi kwa mwini munda.

Pamene sowo yakale imakhala mtumiki wabwino ndi pa mitengo yobzala. Bulugama akadulidwa pafupi ndi nthaka, mopendeketsa pang'ono kuti madzi a mvula asakhale pachitsa, amaphuka mphukira zambiri, ndipo mwini wake akapatulira nasiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, pa zaka zisanu ndi chimodzi kapena zisanu ndi zitatu amadulanso, ndipo chitsa chimodzi chimatha kubereka katatu kapena kanayi chisanatope. Sowo yakuthwa imasiya chitsa chosalala ndi chachifupi kuposa nkhwangwa, imene imadula pa msinkhu wa m'chiuno ndi kung'amba makungwa. Tsamba ndi mombo nazonso zimaphuka pachitsa, ndipo m'midzi imene mafumu adaletsa moto wa m'chilimwe ndi mbuzi pa zitunda zawo, nkhalango yabwerera popanda kubzala mbande ndi imodzi yomwe. Bulugama yekhayo asabzalidwe m'dambo kapena pakasupe, pakuti ludzu lake ndi lalikulu.

Chosintha chachikulu cha masiku ano chaoneka pa amayi. Nkhuni, zimene kwa mibadwo yonse zidali zaulere ndi za m'manja mwawo, zasanduka malonda a amuna okhala ndi sowo, ngolo ndi njinga; ndipo mayi wa pa Chezi amene agogo ake ankathyola nthambi zouma kuseri kwa mudzi, tsopano amasankha pakati pa kudzuka kusanache kupita kuphiri lakutali, kumene angakumane ndi alonda, ndi kugula timitolo ta zidutswa zitatu kapena zinayi ndi ndalama ya tomato. Kumene sowo yagwira ntchito, amayi ndi ana amatsatira m'mbuyo kudzapempha nthambi ndi makungwa otsala, ndipo mwini mtengo wina amapereka, wina amagulitsa ndi zomwezo. M'mabanja ambiri nsima ya m'miyezi yotsatira kukolola imapsa ndi zitsononkho, mapesi ndi mitengo ya nandolo, nyemba zouma zimaphikidwa mwa apo ndi apo chifukwa zimatha nkhuni, ndipo mbaula yadothi ya Chitetezo, imene magulu a amayi amaumba ndi kuotcha okha, yayamba kulowa m'malo mwa mafuwa atatu m'makhitchini a m'Dowa ndi m'Ntchisi.